Gus Amakwera Masitepe Kwa Ndani?

— Halo?

— Halo, Wendell? Ndine Lorraine.

— Mawuwo ndikanawaiwala? Muli bwanji?

— Ndilipo, kaya inu?

— Tikuyesera. Kuzizira kwa Thunder Bay mukukudziwa. Ndakhala ndikukokola chipale chofewa pakhomo kuyambira m'mawa.

— Ndi msana wanuwo?

— Msana wanga munasiya kuufunsa tsiku lomwe tinasiyana ukwati, mayi. Achemwali anu ali bwanji?

— Ali bwino, akadakudanibe. Halo? Mukumveka ngati muli m'chidebe.

— Netiweki ya kuno. Dikirani ndiime pawindo. Eya. Nanga galu wathu? Sabata ino ndi yanu, musandiuze kuti mwatopa naye.

— Gus ali pompano, wagona pakapeti. Ndikufuna ndikufunseni kanthu. Akakhala kwanuko, masitepe amakwera bwanji?

— Bwanji mukufunsa?

— Ingoyankhani. Mumakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja ija. Amakwera mothamanga, kapena amapumira panjira?

— Amafika.

— Sindinafunse ngati amafika. Ndachokera kwa dokotala wa ziweto. Kutsimphina kuja si nyamakazi yokha ayi. Ndi khansa, m'fupa la mwendo wakutsogolo.

— Aaa! Khansa?

— Akuti angathe kuudula mwendowo, kenako mankhwala a m'mitsempha. Agalu ambiri amayenda bwinobwino ndi itatu.

— Itatu? Amakodza bwanji ndiye?

— Nanenso ndinafunsa. Akuti amaphunzira. Koma mtima wake uja ndi wofooka, kumugoneka pa opaleshoni n'koika moyo pachiswe. Ndiye akufuna adziwe ngati miyendo yakumbuyo ili ndi mphamvu zomunyamula. Akudikira yankho la tonse awiri mawa. Ine ndawauza kuti mphamvu zilipo, kwa bambo ake amakwera masitepe tsiku lililonse.

— Mwawauza choncho?

— Nanga si zoona? Lamulungu mukamabwera naye pasitolo paja kudzandipatsa, amatsika yekha m'galimoto, mchira uli pukupuku. Akafika kwanga, Lachiwiri silifika, wagwa mphwayi. Ndimangoti mwina galuyu sandikonda, amasowa inu.

— Taimani kaye. Kwanuko sathamanga?

— Athamangire kuti? Kupita panja ndimachita kumukoleka thawulo kumimba.

— Koma mukamandibwezera amakhala wosamba, wonunkhira, maso ali gwa! Ine ndimati kwa Lorraine ndiye kumamuyanja, kuli bwalo, kuli agologolo...

— Wendell, masitepe aja.

— Ndimamunyamula.

— Chiyani?

— Ndimamunyamula m'manja, kukwera ndi kutsika, kuyambira chilimwe. Mumayesa msanawu unathyoka ndi chipale?

— Mayo ine! Galu wolemera ngati thumba la simenti! Nanga kudumpha kwa Lamulungu kumachokera kuti?

— Mapiritsi a ululu aja. Ndimamupatsa awiri m'malo mwa limodzi, m'mawa tisananyamuke. Ndimakulunga m'tchizi.

— M'tchizi! Ine ndimaika m'chiponde.

— Nanunso?

— Awiri, Lamulungu lililonse langa. Ndinkaopa kuti munganene kuti sindikumusamala, mumutenge.

— Ine ndinkaopa kuti mukamva za masitepe mundilanda.

— Ndiye n'chifukwa chake dokotala amakanda mutu ataona impso za Gus! Anandifunsa kawiri ngati tikutsatira mlingo. Ndinayankha molimba mtima, osaphethira n'komwe.

— Koma ndife zitsiru, Lorraine.

— Zitsiru zokalamba. Galu akuvutika nyumba zonse ziwiri, ife tili kalikiliki kumukongoletsera mnzathu.

— Ndiye... tikanena zoona kwa dokotalayo, ati bwanji?

— Ananeneratu. Miyendo yakumbuyo ikakhala yotha, kudula n'kumuzunza chabe. Chotsala ndi mankhwala oziziritsa ululu, osapweteka impso. Miyezi ingapo, mwina osafika n'komwe.

— Halo? Mwati miyezi?

— Ndati miyezi, Wendell. Mwamva bwinobwino.

— Eya, ndamva. Mtima ukungokana. Tinamutenga akukwana m'chipewa changa.

— Inenso zikundiwawa. Ndalira m'galimoto mpaka magalasi kuchita nthunzi. Koma ndinkafunitsitsa opaleshoniyo chifukwa cha galu wamphamvu amene amakhala kwanu.

— Kwanga kulibe galu ameneyo.

— Ndiye asadule.

— Asadule. Muwauze kuti tagwirizana. Ndi za mapiritsizo muwauze.

— Ndiwauza kuti ndinu munayamba.

— Nenani zomwe mukufuna. Koma Lamulungu musabwere naye. Kwanu n'kwapansi, kulibe masitepe. Akhale komweko basi.

— Mukundisiyira sabata zanu? Inu amene munakanirira kukhoti mpaka woweruza kutopa?

— Musandiyankhulitse zambiri. Tangomuikani foni kukhutu.

— Samvanso bwino masiku ano.

— Ikani basi.

— Chabwino, nayu. Yankhulani.

— Gus! Gus, mnyamata wanga! Ndi adadi. Wakhala ukutinamiza, iwe nkhalamba, kapena ndife timakunamiza?

— Wamva! Wadzutsa makutu... Ayi, Gus, gona! Akufuna kudzuka, akuyang'ana kuchitseko, akuyesa mwafika. Gus, usa... Wendell, dulani foni, ndimugwire asagwe.

— Musamuletse kuyang'ana. Ndikutenga makiyi.

— Lero ndi Lachinayi, si tsiku lanu.

— Muuzeni adikire pomwepo. Tchizi muli nacho, kapena ndigule panjira?

— Gulani. Fulumirani, sakuchotsa maso pachitseko.