Zingwe za a Latir

— Halo?

— Halo, Dibor? Ndi iwe?

— Ndine, amayi. Salaamu aleikum.

— Aleikum salaam, mwana wanga. Waswera bwanji?

— Mtendere wokhawokha. Kaya inu kumudziko?

— Mtendere. Ku Dakar akukusunga bwino?

— Akundisunga. Bondo lanu lija?

— Likudziwa lokha. Nanga anzako a m'nyumba? Mabwana ako kusitolo ya mankhwalako?

— Onse ali bwino. Azakhali a Tening ali bwanji? Ana a achimwene?

— Alipo, akudya, akusokosa. Chifuwa chako chija chinatha?

— Kalekale. Amayi, muli kuti? Mphepo ikulira m'fonimu.

— Ndakwera pamulu wa zigoba za nkhono, kuseri kwa mzikiti. Netiweki lero yathawira kuno.

— Nanga bwanji mukupumira m'mwamba? Kwagwa zovuta?

— Ayi. Ndathamanga.

— Inu kuthamanga?

— Pang'ono pokha. Usandifunse zambiri, mayunitsi ndi ochepa. Lero tavuula zingwe.

— Zingwe ziti?

— Za nkhono za m'nyanja zimene timaweta, kumunda kwathu m'madzimo. Suja ndinakuuza kuti ndasiya kumangirira pa nailoni zigoba zomerapo nkhono?

— Oo, zingwe za luzi zija? Zimene achimwene a Birame ananena kuti mwapenga nazo?

— Zomwezo. Ndipo si Birame yekha. Gulu lonse la amayi linagwirizana kuti aliyense ayese zingwe khumi basi, zina zikhale za nailoni. Ine ndinapachika mazana awiri, munda wonse.

— Wonse? Zimenezo simunandiuze.

— Ukanandikalipira.

— Ndikanakukalipiranidi. Zikanawola pakatikati mukanadya chiyani chaka chino?

— Matope. Tening ankandiuza tsiku lililonse kuti Yande, nkhono zako zonse udzazipeza pansi, nkhanu zikuchita nazo phwando. Miyezi khumi mtima uli m'mwamba. Madzi akaphwa ndinkapita kukangoyang'ana, kuopa n'kukhudza komwe.

— Nanga munadzivutitsiranji?

— Ndinatopa, mwana wanga. Nailoni saola, amangonyenyeka ndi dzuwa. Ukalowa m'mitengo ya m'madzimo mizu yonse yavala timaulusi tobiriwira. Mwezi wa Ramadani uja ndinapeza kamba wa m'nyanja chingwe chitam'dya pakhosi, ndipo mfundo yake inali yanga, mmene ndimamangira ine. Kenako mayi wa kuhotela amene amatigula uja anapeza kaulusi m'kati mwa nkhono, ali patebulo ndi alendo ake.

— Mayo.

— Anatibwezera madengu onse. Ndiye a Latir atabwera kugulu ndi zingwe zawo...

— A Latir ake ati?

— A Latir Ndong, opota zingwe aja. Nyumba yawo ili kufupi ndi doko. Akazi awo anamwalira chaka chimene unamaliza sukulu.

— Aatali aja, ana ankawatcha a Luzi?

— Usawatche choncho.

— Pepani. Si mmene tinkawaitanira tonse?

— Anthu anawaseka zaka makumi awiri chibwerereni nailoni, iwo osasiya kupota. Amatenga luzi la mlambe, n'kusakaniza ndi ulusi wa makoko a kokonati, n'kuviika m'madzi a makungwa masiku asanu. Chingwe chimatuluka chofiirira, chonunkhira ngati tiyi. Manja awo ukawaona akupota, Dibor, zala zimayenda zokha.

— Ehe. Ndiye zatha bwanji lero? Mukundizunguliza.

— Zaduka zisanu ndi ziwiri.

— Mwa mazana awiri?

— Mwa mazana awiri. Zina zonse gwa. Nkhono zake ngati chikhatho changa, chingwe chimodzi kunyamula anthu awiri. Bwato linatsala pang'ono kumira.

— Alhamdulillah. Amayi, zoona?

— Ndipo zodukazo sitinavutike n'kuzifuna, zidzaolera m'matope momwemo. Tening anayamba kuvina madzi ali m'chiuno, mwendo n'kumutitimira, anagwa chagada, mpango n'kupita ndi madzi. Wauthamangira mpaka kutsidya.

— Azakhali omwe ankakusekani aja?

— Omwewo. Pano akuti nzeruyo inali yawo. Tisananyamuke kumundako gulu lakambirana, a tcheya alamula kuti chaka chamawa nailoni asalowenso m'madzi. A Latir aziphunzitsa amayi kupota Lachiwiri lililonse.

— Nanga zingwe zakale zija, zinadzaza kuseri kwa khitchini?

— Zinapita. Tinatolera mudzi wonse, ndi za m'mizu zomwe, mabwato atatu. Ku Djifer galimoto inadzatenga, akuti amakazisungunula n'kuumba mabeseni. Atibweretsera limodzi limodzi. Langa ndi lobiriwira, ndikamachapiramo ndimalifunsa kuti kodi ndiwe chingwe changa chija?

— Mukuseka ngati mtsikana lero. Mwadya chiyani?

— Sindinadye n'komwe.

— Amayi, bwana akundiyang'ana, pakauntala pali mzere. Ndikuimbireni ndikaweruka?

— Ayi, dikira. Sindinayambe.

— Simunayambe? Nanga zonsezi?

— Zimenezi ndi za zingwe. Halo? Ukundimva?

— Mukuduka. Bwererani pamene munaima paja.

— Pano?

— Pamenepo. Nenani.

— A Latir ankabwera sabata iliyonse kudzaona zingwe zawo.

— Sabata iliyonse? Chingwe amachizonda ngati wodwala?

— Ntchito yawo, ayenera kuiona. Wopalasa bwato ankakhala iwo, ine n'kukhala kutsogolo. Tikabwerako ndinkawaphikira tiyi, makapu atatu, monga mlendo aliyense.

— Monga mlendo aliyense.

— Usandibwereze mawu. Ndiye tsiku lina mvula ili pafupi kutha anandiuza kuti, Yande, zingwezi zikaduka sindidzapondanso pakhomo panu, manyazi adzandipha. Koma zikapirira ndili ndi mawu.

— Amayi.

— Ndiye zapirira.

— Anena mawuwo?

— M'bwato momwemo, nkhono zili m'miyendo, amayi onse akumva. Anavula chipewa, n'kuchivalanso, n'kuchivulanso. Akuti akufuna kutumiza mtedza wa kola kwa amalume ako Lachisanu likubwerali, ngati ine ndalola.

— Akufuna kukukwatirani.

— Akutero.

— Inu mwayankha chiyani?

— Ndati ndikafunse kaye mwana wanga. Ndatsika m'bwato, ndasiya madengu padoko, ndathamangira kuno. Halo? Dibor? Yaduka?

— Sinaduke. Ndilipo.

— Nanga ukuganiza chiyani?

— Ndikuganiza za ababa.

— Inenso ndawaganiza njira yonse. Zaka zisanu ndi ziwiri, mwana wanga. Mkeka wawo wopempherera ukadali pamene anausiya, ndipo sindiuchotsa. A Latir ndinawauza zimenezo kalekale, anati nawonso mpando wa akazi awo sakhalapo munthu. Koma ukati ayi, ndikawauza ayi. Zingwe tizigulabe.

— Mungakanedi chifukwa cha ine?

— Ndingakane. Ndingalire pang'ono, koma ndingakane.

— Chimwalirireni ababa mukandiimbira mumangonena za bondo ndi za amene wamwalira m'mudzi. Lero ndayankha foni ndimayesa ndi munthu wina.

— Ndiye ukuti bwanji?

— Amakulemekezani?

— Samayamba kumwa tiyi ine ndisanakhale pansi.

— Ali ndi mano?

— Iwe mwana, ulibe mwambo. Alipo, ambiri ndithu.

— Basi atumize kolayo.

— Ukunena zoona? Usanene pondimvera chisoni.

— Ndikunena zoona, amayi. Misozi ikutuluka, makasitomala akundiyang'ana, koma ndikunena zoona. Achimwene mwawauza?

— Apo ndiye pali phiri. Birame akadali kunyanja, abwera Lachitatu. Ukumudziwa, adzayamba zoti anzake kudoko azimuseka, mayi wa zidzukulu zinayi kukwatiwa. Ndimati mwina iwe...

— Ndinadziwa kuti pali ntchito yanga penapake.

— Amakumvera iwe.

— Samvera ine, amamvera alamu. Ndiyamba ndi alamuwo lero lomwe, pofika Lachitatu adzakhala atafewa. Akavuta ndikwera basi ndidzamuuze pamaso.

— Mulungu akudalitse, akupatse mwamuna wodziwa kupota.

— Ameneyo musungeni ndinu. Amayi, ndithamange, bwana wayamba kugogoda pagalasi.

— Dikira, kamodzi kokha. Ndikawayankha bwanji?

— Mukawauza kuti mwalola, basi.

— Ndi mawu ati? Ine sindinafunsiridwepo. Za abambo ako anakambirana akuluakulu, ine anangondiuza tsiku. Zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndi koyamba munthu kundifunsa ineyo.

— Ingonenani kuti eya.

— Eya.

— Osati choncho, ngati mukuvomera kugula sopo. Mofewa.

— Eya, a Latir.

— Bwinoko. Onjezerani pang'ono.

— Eya, a Latir, ndalola. Ayi, pamenepo ndafulumira, aziti ndimangodikira. Eya, ndaganiza bwino, ndalola. Kapena ndiyambe ndawafunsa za kunyumba? A Latir, mwaswera bwanji, eya, ndalo...

— Halo? Amayi? Mwatani?

— Dibor.

— Mukunong'onezeranji?

— Ali kumbuyo kwanga.

— Ndani?

— Eni ake. Anditsatira ndi madengu anga, onse awiri. Sindinawamve akukwera.

— Afika liti?

— Sindikudziwa. Chipewa chili m'manja.

— Amva?

— Akuseka. Dibor, andimva kanayi konse.

— Ndiye mwamaliza ntchito, amayi. Apatseni moni wanga.

— Ndithawire kuti? Kuno n'kumwamba, njira ndi imodzi.

— Musathawe. Tembenukani.

— Matope ali mpaka m'mawondo, mpango wapendekeka. Dula foni.

— Dulani ndinu, mwaimba ndinu.

— Sindikuona podulira. Eya, a Latir, ndi Dibor, akuti moni. Tulani pansi madenguwo, mupweteka msana. Ayi, sindimauza iyeyu, ndimauza... Dibor, dula.

— Ndadula, amayi. Tsalani mumtendere.