Sukulu Yanga Inkabwera mu Envulopu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndine Agnesi, namwino pa kachipatala ka mishoni kufupi ndi Kachebere, ndipo ndikuuzani za nthawi imene ndinanyanyalira Mulungu chifukwa cha sukulu.

Nditatenga digiri ya unamwino, ndinkalakalaka kuphunzira za chitetezo cha mankhwala, kudziwa chifukwa chake piritsi lochiritsa wina limavulaza mnzake. Malo anapezeka kunja, kalata n'kubwera. Mwezi womwewo amayi anga anachita sitiroko, mbali imodzi n'kufa, ndipo wowasambitsa ndinali ine ndekha. Kalata ija ndinaipinda n'kuiika m'Baibulo, Baibulolo osalitsegulanso. Zinandiwawa, ndisaname. Masana ndinkakhala pakhonde kuyang'ana phiri likuyandama m'chifunga cha dzuwa, mtima uli m'kalasi ya dziko limene sindinaliwonepo.

Thandizo linachokera kosayembekezeka. A Jafali, Msilamu wa sitolo pa boma, anandimva ndikudandaula pogula sopo. Anandiseka kuti ine ndikulirira ndege pamene masiku ano sukulu imakwera yokha basi. Patapita sabata anandibweretsera adiresi ya sukulu ina, yochokera kwa mbale wawo wogulitsa mankhwala ku Chipata. Anali maphunziro omwewo, koma a papositi. Umatenga phunziro limodzi, zikathina umaima, zikapepuka n'kupitiriza, kuyambira setifiketi mpaka dipuloma. Ndinalembetsa monyinyirika, ndikumati imeneyi ndi sukulu ya otsalira.

Ndinkawerenga pansi pa mtengo wa mango, amayi akuwodzera pamphasa, mphepo ikubweretsa fungo la mtedza wongokumbidwa kumene. Nthawi zina mawu a papepala ankasakanikirana ndi kupuma kwawo, osadziwa ngati ndikuwerenga kapena ndikulota.

Kenaka amayi anayamba chifuwa. Azakhali anga, amene anakwatiwa tsidya la Zambia, anabwera ndi mapiritsi n'kumawapatsa ine ndili kuntchito. Tsiku lachinayi maso a amayi anafiira, milomo n'kuchita matuza. Azakhali anandiwonetsa kapaketi mokondwa.

"Asiye amalize, mwanawe. Mankhwala akutulutsa matenda."

Kwathu kuno timatero tonse, kuti zidzolo zikatuluka ndiye kuti mankhwala agwira. Dzina la pa kapaketi linali lachilendo, ndipo ndikanatha kungokhala chete powopa akuluakulu. Koma envulopu ya maphunziro ya mwezi umenewo inali ya anthu owengedwa ndi mankhwala, ndipo inanenetsa kuti tiziwerenga timalemba ta pansi pa dzina. Ndinawerenga timalemba ta pa kapaketi ka mapiritsi aja. Anali a gulu limodzi ndi mapiritsi atatu aja a malungo. Kalekale amayi ankati amenewo amawawenga, ife n'kumawaseka kuti zowenga ndi nkhumba ndi mlamba, osati mankhwala a Azungu.

Ndinagwada pamaso pa azakhali n'kunena kuti, "Andikhululukire, koma piritsi lina lililonse likupha alamu anu."

Anakwiya, koma kapaketi anandipatsa. Tinathamangira kuchipatala cha pa boma. Khungu la amayi linasupuka kumsana ndi m'kamwa, ndipo masabata atatu ndinkangowadonthezera phala ndikupemphera. Adokotala anati tikanachedwa masiku awiri, tikanabwerera ndi maliro. Pomwepo ndinakumbukira kalata ya m'Baibulo ija. Ndikanakwera ndege, amayi akanamaliza mapiritsi onse.

Dipuloma ndinaimaliza patatha zaka zisanu, nditaima kawiri konse. Ndikuthokoza Ambuye amene anandikaniza chimene ndinkapempha, ndi a Jafali amene anawagwiritsa ntchito. Inu amene kalata yanu idakali yopindidwa, musafooke, pitirizani kupemphera ndi kuwerenga pomwe mulipo.

Amayi alipo mpaka lero. Pachikuto cha buku lawo lakuchipatala ndinalembapo dzina la mankhwalawo ndi inki yofiira. Akalowa kwa dokotala aliyense amaloza ndi dzanja lamoyo lija, n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Amenewa amandiwenga." Palibenso amene amaseka.