Makina amene a Namawaya atisankhira

A bwana mkulu, a manijala, akapitawo, alamu athu, amuna a mayiwa, ndi ana amene mwakhala kutsogoloku, ndi inu anzanga a pa benchi, ndakulonjerani nonse.

Ine ntchito yanga ndi kuyesa mabokosi a magetsi asanatuluke pa geti. Kukometsa mawu sindidziwa, ndiye ndingonena zimene ndinaona.

Amayi tikutsanzikana nawowa, amene tonse timawatcha a Namawaya, lusoli sanabadwe nalo ayi. Atangoyamba ntchito anapatsidwa mpukutu wa waya kuti adule mofanana. Anayeza woyamba bwinobwino. Wachiwiri anayezera pa woyamba, wachitatu pa wachiwiri, choncho mpaka mpukutu kutha. Womaliza anali ngati mchira wa mbuzi. Kapitawo wa nthawiyo anaunyamula n'kufunsa kuti, "Mayi, tikupanga mabokosi kapena ndolo?"

Pa kusenda waya ndi mano analinso katswiri. Alamu, dzino lobenthuka lija si inu, tonse tikukuchitirani umboni.

Koma anaphunzira, mpaka anakhala kapitawo wathu. Ndipo ndi iwo anayambitsa nkhani yogula makina odula ndi kusenda mawaya. Ambiri munakwiya, mumati akufuna kutichotsetsa ntchito. Iwo anangoti, "Ndikufuna podzapuma mudzakhale mudakali ndi zala." Taonani manja awo. Zaka zonsezi akhala akufinya pulayala kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Lero batani la bulauzi likuwakanika, mwana wawo ndiye wawamangira pobwera kuno. Adokotala ananena mosabisa kuti ndi ntchito.

Posankha makinawo sanatengeke ndi pakamwa pa munthu. Ogulitsa ankabwera ndi waya wawo wosalala. A Namawaya ankapisa m'thumba la ovololo n'kutulutsa wathu uja woonda, wovuta. "Achimwene, tasendani uyu." Makina oyamba ankathamanga zedi, tonse tinakhutira nawo. Koma nditayesa mawaya ake ndinapeza kuti amadula timawaya ta m'kati, ndipo waya wotero amatentha akalowa m'bokosi. Ena anali abwino, koma mipeni yake ikabuntha mpaka kuitanitsa kutali. Amene anasankha ndi odekha. Amasenda waya woonda ndi wonenepa yemwe osakanda mkuwa, ndipo mipeni tikhoza kusintha tokha.

A bwana, makinawo sanafikebe. Tamva kuti nkhaniyi idikire chaka chamawa. Tamvanso kuti mwina tingotenga othamanga aja. Ndikulankhula mwaulemu, pamaso pa banja lawo: amayiwa akupuma, koma nkhaniyi sikupuma nawo limodzi. Pa benchi pali anzathu amene ayamba kale kusisita zala poweruka. Msonkhano uliwonse ndizidzuka n'kufunsa, mawaya oyesedwa aja ali m'manja. Mudzatopa nane, ine sindidzatopa.

A Namawaya, zikomo. Munatikalipira, munatiphunzitsa, ndipo bokosi lililonse lotuluka m'manja mwanu ndinkaliyesa mtima uli m'malo. Pitani mukapume. Kunyumba babu likafa, alamu akwere okha pampando. Tsiku limene makina adzafike tidzakutumizirani galimoto, waya woyamba mudzamuike ndinu.

Anzanga, tiimirire. Amayiwa kuomba m'manja kumawapweteka, ndiye tiombe ndife. Ombani mwamphamvu, a bwana amve kuchuluka kwa manja amene akudikira yankho.