Mabokosi Pansi, Anthu Pamwamba

Mzere wa mashopu umene bambo ake a Timoti anasiya pa Thambani unali ndi munthu mmodzi yekha wochita lendi: a Zacharia, okhoma mabokosi a maliro. Timoti, amene chibwerereni kumaliro a bambo akewo sanabwererenso ku koleji, anafika ndi pulani yake m'manja kuti awasamutse, poti ndani angagone pamwamba pa mabokosi? Koma munthu wamkulu sumuuza kuti choka.

Anakhala pa benchi ya pakhonde n'kuyamba kuzungulira. Anati pansi pakhala mashopu, pamwamba nyumba zogona, pakati mitengo ya mthunzi. Munthu azidzuka, kugula buledi, kumetetsa, kupita kuchipatala, zonse wapansi.

"Zonse?" anafunsa a Zacharia, pensulo ili kukhutu.

"Zonse, madala."

"Ndiye wandiganizira. Munthu akalephera kuchipatalako, abale sazivutika ndi thiransipoti."

Timoti anatsokomola. Anati mwina ntchito ngati yawoyi imafuna malo aphee, kutali ndi anthu.

"Kutali ndi anthu kumamwalira ndani?"

"Ndikutanthauza kuti ogona pamwambawo azimva hamala."

"Bola. Aziti kuli munthu pansi, akuba sabwera."

"Nanga ana akamaona mabokosi?"

"Saopa ana. Dzana ndinapeza awiri akubisalirana m'limeneli." Anagogoda bokosi lopaka vanishi. "Amaopa ndi akuluakulu, makamaka a shuga."

Timoti anatambasula pepala la pulani lija n'kuloza ndi chala. Anafotokoza kuti azimayi ogulitsa nachesi abwera apa, telala apa, saluni apa. A Zacharia anaweramira, n'kugwedeza mutu kuti telalayo akhale pafupi nawo, chifukwa nsalu yoyera amaitsata ku boma.

"Ndipo galimoto sizizilowa," anatero Timoti, mawu atayamba kuuma. "Ngakhale imodzi. Njira ya miyendo basi."

Apa a Zacharia anachotsa pensulo kukhutu.

"Pikapu?"

"Ayi."

"Ndiye bokosi lizituluka bwanji? Pa kabaza?"

Timoti anangokweza mapewa. Mkuluyo anayang'ana pepala, anayang'ana msewu, kenako anati palibe kuchitira mwina, asamuka. Mtima wa Timoti unati myaa. Koma a Zacharia anali atayamba kale kutchula katundu wawo: macheka, matabwa, chitini cha misomali.

"Ndi benchi wakhalirayo. Tadzuka ndiione miyendo."

"Benchi iyi si ya bambo?"

"Bambo ako ankangoikhalira. Masana alionse, mpaka kuikumba dzenje ndi matako. Ankati akundilondera kuti ndisawayeze ali mtulo." Anaseka pang'ono. "Tsiku lowayeza ndinapeza kuti muyeso ndikuudziwa kale."

Timoti sanadzuke. Dzanja lake linapeza pamene thabwa linasalala n'kulowa m'kati, ndipo linakhala pomwepo. Anayang'ana pulani ija nthawi yaitali, kenako anabwereka pensulo.

"Pikapu imodzi ikhoza kumalowa. Chakumbuyo kuno."

"Wati ngakhale imodzi."

"Ndasintha."

"Nanga ogona pamwamba aja?"

"Azolowera. Inu mukhala pano, madala. Ndi benchi yomwe."

A Zacharia anabweza pensulo kukhutu, n'kunyamula hamala ngati munthu amene wachita kupemphedwa kwambiri.

"Chabwino, ndikhala. Koma uwauziretu anthu akowo: akamatsika m'mawa asamandifunse kuti bizinesi ikuyenda bwanji. Ine ndimayankha zoona."