Buku Limene Ndinalikana Litatsala Pang'ono Kutha

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Aleluya! Abusa, zikomo pondipatsa mpata.

Ndine Rozita, mphunzitsi wa ku sekondale kuno ku Milanje. Ena mumandidziwa ndi dzina lina lija munandipatsa. Musaweramitse mitu, ndilitchula ndekha: kazitape.

Ndinkaphunzira mesitiradu, digiri yachiwiri ija, uku ndikugwira ntchito. Za m'kalasi zitatha, a dotolo amene ankandiyang'anira anati, "Mayi Rozita, njira zomalizira zilipo zitatu. Mutha kulemba buku la kafukufuku n'kukaliteteza pagulu. Mutha kuchita projekitu yothandiza anthu kwanu. Apo ayi, mulembe mayeso aakulu a zonse mwaphunzira." Ine ndinasankha buku, chifukwa ndi limene limatsegula khomo la maphunziro apamwamba.

Ndinati ndilembe za amayi a malonda a m'malire. Achemwali anga, a Felisimina, ndi mmodzi wa iwo. Banka yawo, benchi yogulitsirapo makapulana, zitenje zija, mumsikamu ndi imene inandiphunzitsa ine. Anandigwira dzanja n'kupita nane kwa anzawo. "Uyu ndi mng'ono wanga, muuzeni zonse."

Anandiuzadi zonse, abale, ine ndikujambula mawu pa foni monga kafukufuku amafunira. Anandiuza ndi njira za m'tchire zimene amawolokera Ruo osadzera pa geti.

Sipanapite nthawi, asilikali a m'malire anabisalira pa njira imodzi. Analanda nandolo, shuga, njinga, zonse psiti!

Mawa lake ndinalowa mumsika, anthu onse zii. Mayi wina analavula pansi. "Utsi sufuka popanda moto. Zaka zonsezi tadutsa pamenepo bwinobwino. Yabwera foni, abwera asilikali."

Abale, banka ya achemwali inauma. Anthu ankailambalala ngati pali maliro. Muno m'tchalitchi benchi yanga inali ya ine ndekha. Inde, muno!

Nanenso matenda okayikira anthu anandigwira. Ndinayamba kukayikira aliyense. Kodi ndi mphunzitsi mnzanga amene anabwereka foni yanga? Kodi ndi a dotolo, poti ndinawatumizira mawu ena? Ngakhale bambo a kunyumba ndinkawayang'ana ndi diso la m'mbali, chifukwa amasewera bawo ndi msilikali wina. Kukayikira n'koipa, alongo, munthu umaopa ndi madzi a mumtsuko mwako.

Tsiku lina achemwali anabwera kwathu. Anakana mpando. Anangofunsa ali chiimire, "Rozita, ndiuze ine ndekha. Unatigulitsa?"

Mayi ine! Mayi wa mumsika uja sanandilize. Koma awa, amene anandibereka kumbuyo?

Ndinagwada. Ndinati, Ambuye, Inu mukudziwa sindinaulule kanthu, nanga ndiwasonyeza bwanji? Mumtima ndinamva kuti buku lija ndilisiye.

Ndinaimbira a dotolo. Anakalipa. "Mwapenga? Buku latsala pang'ono kutha! Maina timasintha, palibe adzadziwike." Ndinati, "A dotolo, dzina mutha kusintha, koma Ruo ndi mmodzi. Ndikakaimirira pagulu n'kufotokoza, wa kuno aliyense adziwa kuti ndi pati." Anati ndikasamukira ku projekitu ndiyambiranso, chaka chonse chipita. Ndinati chipite.

Ndinapita mumsika dzuwa lili paliwombo. Ndinapereka foni kwa mayi anandilavulira uja. Ndinamusonyeza pofufutira, ndipo anafufuta yekha, mawu a aliyense, mpaka kutha. A dotolo nawo anafufuta awo. Mayi uja anangoti, "Tiona."

Projekitu yanga inali kuphunzitsa amayi Chipwitikizi cha pa geti, kuti azidzilankhulira okha kwa a alifandega, okhometsa msonkho aja, osanyengedwa ndi owamasulira. Poyamba ankabwera achemwali okha, nawonso ndi nkhope yolimba. Kenaka ena anabwera kudzaona ngati ndabisa foni m'thumba. Ankandisecha ndithu! Ndinkangokweza manja. Osechawo ndi amene anakhala ophunzira anga.

Mulungu ndi wabwino, abale! Nthawi zonse!

Mesitiradu ndinamaliza, mochedwa koma ndinamaliza. Banka ya achemwali ikugulitsanso, ndipo iwo ndi awo akhala apowo, andiperekeza. Amene anaulula njira ija sindikumudziwa mpaka lero, ndipo ndinasiya kumufufuza.

Ndikudziwa kuti ena muno mukunenabe mumtima kuti, "Ameneyu ndi wochenjera." Ndikukuonani. Sindikukwiyirani, chifukwa nanenso ndinadwalapo matenda amenewo. Koma achemwali anga anandiuza sabata yatha kuti, "Rozita, funso lija ndinalakwa kukufunsa." Amenewo ndi mawu amene ndinkapempha kwa Mulungu, ndipo wandipatsa.

Ambuye alemekezeke. Ameni.