Kanema Amene Anayeretsa Mwana Wanga

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ine ndine wamanyazi, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma mtima wandikakamiza kuti ndinene mmene banja langa linatsala pang'ono kutha chifukwa cha kanema.

Amuna anga anapita ku Joni ndili ndi pakati pa miyezi iwiri. Kwawo ndi ku Phalombe, kuno ku Mkanda anabwera kudzalima fodya pa esiteti, choncho panalibe m'bale wawo woti awauze mmene mwana akuonekera. Tsiku lobatiza mwana wathu Tadala ndinaitana wojambula kanema wa ku boma. Iye anakongoletsa kanemayo pa kompyuta, n'kuikamo maluwa ndi nkhunda zouluka. Ine chimbale cha kanemayo ndinapatsira dalaivala wa basi ya ku Joni osachionera, pakuti kwathu kulibe magetsi.

Patapita milungu itatu anandiitana kunyumba yoimbira foni. "Mwana woyera chonchi ndi wa ndani?" anatero amuna anga. Anatchula kalaliki wa pa esiteti, amene ndi mkaladi, n'kudula foni.

Masiku amenewo sindinkakhazikika. Ndinkayamba kupalira mtedza, n'kuponya khasu, n'kuthamanga kukamuyang'ana mwana, wakuda bii ngati bambo ake. Chakudya sichinkalowa. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ndilibe pakamwa, mundilankhulire.

Ndinakwera matola mpaka ku boma, Tadala ali kumbuyo m'chitenje chomwecho cha pa ubatizo. Nditamuuza zimene amuna anga ananena, wojambula anandionetsa kanemayo, ndipo zoonadi mwana anali mbee. "Mayi, kamera sinama," anatero. Ndinangozyolika.

Pabenchi panakhala Mayi Asiyatu, Msilamu wogulitsa zitenje, akudikira zithunzi zawo. Anaimirira n'kuloza. "Achimwene, chitenje ichi ndinagulitsa ndine, n'chofiira psuu. Pa kanema wanupo chikuoneka ngati dzungu. Kodi nachonso bambo ake ndi mkaladi?"

Wojambula anayang'ana chitenje, n'kuyang'ana kanema. Kenako anayatsa kompyuta yake yakale ya pakona, n'kubwereza ntchito yonse ine ndikuona. Chitenje chinafiira, mwana wanga anada. Anandifotokozera kuti kachipangizo ka m'kati mwa kompyuta yatsopanoyo sikankagwirizana ndi pulogalamu yoikira maluwa, ndipo kankasokoneza mitundu. Anapepesa kwambiri.

Mayi Asiyatu anatenga sizasi n'kudula kansalu pangodya ya chitenje changa. "Katumizeni pamodzi ndi chimbale chatsopanocho, aone okha."

Foni yachiwiri amuna anga analankhula pang'ono. "Mphuno ndi yangadi. Undikhululukire, make Tadala." Pa Khirisimasi anabwera.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandilankhulira kudzera mwa mayi wopemphera kumzikiti. Inu amene mukunamiziridwa ndipo mawu akukukanikani, musaleke kupemphera, wokuyankhirani ali pabenchi penapake. Chitenje chodulidwa ngodya chija ndikuberekera mng'ono wake wa Tadala.