Mpini wa ku Blantyre

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine amene mukundiona ndikutsimphina lerone ndinali munthu wamatama. Achikulire a kuno ku Malomo musabise, mukundikumbuka. Ndikatsika basi pa tchuthi ndinkayenda ngati msewu wonse analambulira ine. Munthu akandipatsa moni ndinkayankha ndi mutu basi.

Chimene chinandikuza mutu ndi hoki. Ena simuwadziwa masewerawa. Ndi mpira ndithu, koma kampira kake n'kakang'ono, kolimba ngati mwala, ndipo sumenya ndi mwendo ayi. Umakathamangitsa ndi ndodo yopindika kunsonga. Ine ndinayamba ndisakudziwa kuti ali ndi dzina. Tili kubusa m'mapiri muno tinkalimbirana chitsononkho ndi ndodo zokhota mpaka ng'ombe kulowa m'munda wa eni. Nditapita ku sekondale, mphunzitsi wina anandipatsa ndodo yeniyeni, ndipo manja anga sanaione ngati yachilendo.

Nditamaliza sukulu ndinapeza ntchito ya ukalaliki ku Blantyre, kalabu ina n'kunditenga. Anzanga a m'tauni ankandiseka kuti ndine wakumudzi, koma ndikangogwira kampira kaja kuseka kunkatha. Anandipatsa dzina loti Mphenzi. Loweruka tikachoka pabwalo tinkathera ku bala. Lamulungu linali tsiku lochiza matsire.

Koma mkati mwa matama onsewo munali mantha. Ndinkaopa kuti tsiku lina adzabwera wondiposa, anthu n'kundiiwala. Ndiye ndinapita kwa sing'anga wina kuseri kwa Chisepo. Anandipatsa kachithumwa kochepa ngati nyemba, nati ndikabise pachogwirira cha ndodo, pansi pa nsalu yokulungira. Anandipatsanso malamulo. Mkazi asaidumphe. Munthu wina asaseweretse. Ndipo anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Ndodo imeneyi ikadzakhudza moto, dzanja lako lamanja lidzauma ngati nkhuni."

Kuyambira pamenepo chigoli chilichonse ndinkathokoza ndodo. Mpira sindinkapatsira mnzanga ngakhale ali yekhayekha pagolo. Ndimpatsire chifukwa chiyani, pamene ndodo yake ndi mtengo chabe?

Kenako inafika nkhani yaikulu. Ndinasankhidwa kulowa timu ya dziko, yopita kukasewera ku Zambia. Anatiuza kuti timete bwinobwino, pajatu masiku amenewo tsitsi lalitali kwa mwamuna unali mlandu. Ndinameta, n'kukwera basi kubwera kuno kudzatsanzika makolo. Kunena zoona ndinabwera kudzadzionetsa. Pa Mponela anyamata a chipani atandifunsa khadi, ndinawaonetsa, n'kuwauzanso osafunsidwa kuti akuyankhula ndi munthu wopita kunja. Paja akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Nditafika kwathu ndinaona vuto. M'nyumba munali amayi ndi alongo anga, uyu walowa uyu watuluka. Ndodo ndiiika pati kuti wina asaidumphe? Ndinazemba n'kukaisomeka kudenga la chigafa cha fodya. Sindinaganize n'komwe kuti pamalo omwewo ndi pamene bambo ankaumitsira mipini yawo ya makasu.

M'mawa mwake ndinabwera pa Malomo pano kudzamwa ndi anzanga. Ndinabwerera dzuwa litapendeka. Ndikulowa pabwalo, fungo la mtengo wopserera linandilandira. Bambo anali khale pansi pa mango, kamoto kakufuka pambali pawo, nkhope ikuwala ndi chimwemwe.

"Wabwera, Lemekezani? Khala pansi ndikuthokoze."

Anayamba kuomba m'manja, bambo anga enieni, kuombera ine. Kenako anatulutsa chinthu kumbuyo kwawo. Abale, inali ndodo yanga. Anali atawotcha msuka wa khasu pamoto, n'kuboolera pamalo popindika paja, khasu n'kulowa gwa!

"Mpini ngati uwu sindinauonepo chibadwire," anatero. "Wosalala, wopepuka, wopindika kale. A ku Blantyre amadziwa kusema! Chinsalu chija ndachotsa, chimaterera m'manja. Munalinso kachinyalala kena mkatimo, ndakaponya pamoto."

Mayo ine! Mowa wonse unathera pomwepo. Ndinagwira dzanja langa n'kukuwa kuti, "Bambo, mwandipha!" Amayi anatuluka akuthamanga, akuyesa kuti ndalumidwa ndi njoka. Ine thukuta kamukamu, ndinaulula zonse, za sing'anga, za chithumwa, za dzanja louma.

Bambo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Sanakalipe. Anangoyang'ana khasu lija n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye kuti sunabweretsere ine?"

Funso limenelo linandilasa. Zaka zonse ndili m'tauni sindinawabweretserepo ngakhale kachipewa. Iwo anangoona mtengo pakati pa mipini yawo, n'kukondwa kuti mwana wawakumbuka.

Kenako anaika khasu pansi n'kugwira dzanja langa lamanja. "Dzanja ili ndinaligwira ine uli wakhanda," anatero. "Sing'anga wakoyo analipo? Analiumba ndi iye?" Anavula chipewa n'kupemphera pomwepo, nkhuku zikuyendayenda. Pemphero lake linali lalifupi. Anati, "Ambuye Yesu, dzanjali ndi lanu. Mulisunge. Mwini wakeyu mumugwirenso, watithawa nthawi yaitali."

Ndinganame ndikati ndinakhulupirira tsiku lomwelo. Ndinachoka ndi mantha anga onse, ndodo ndilibe, ulendo wa ku Zambia uli pakhomo.

Pa Mponela ndinakumana ndi Yusufu, mnzanga wa m'timu, amene makolo ake anali ndi sitolo pamenepo. Tinali titapangana kukwera basi imodzi. Nditamufotokozera, anaseka mpaka kukhala pansi pakhonde la sitolo, misozi ili mbwembwembwe.

"Mphenzi, ndodo yako ikupalira fodya?" anatero akupukuta m'maso. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi ndodo yake ina. "Tenga iyi. Ilibe kanthu mkati, ndi mtengo basi. Koma uzindipatsirako mpira, wamva?"

Ulendo wonse ndinkangotsina zala zanga kuona ngati zikumvabe. Tsiku la masewera ku Lusaka ndinadzuka dzanja lili dzanzi. Mwina ndinaligonera, kaya, koma ine ndinati basi zayambika. Anzanga akuvala, ine ndodo ikukanika kugwirika. Bwalo ladzaza, mbendera yathu ili petupetu.

Ndinazungulira kuseri kwa chipinda chovalira n'kugwada pa udzu. Kupemphera sindinkadziwa. Ndinangobwereka mawu a bambo. Ndinati, "Ambuye Yesu, dzanjali ndi lanu. Liume kapena lisaume, ndi lanu. Inenso munditenge, ndatopa ndi mantha."

Sindinaone kuwala kulikonse, sindinamve mawu. Koma chimtolo chimene ndinasenza kuchokera ku Chisepo chinatsika. Ndinadzuka wopepuka. Ndinatambasula zala, zonse zisanu zinamvera.

Masewera ali mkati, kampira kanandipeza pafupi ndi golo. Kale ndikanamenya ndekha, zivute zitani. Koma ndinadzutsa mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti pabwalo pali anthu ena. Yusufu anali yekha kumanzere. Ndinamukankhira, iye n'kungokhudza, kampira m'golo! Anandithamangira akukuwa kuti, "Wandipatsira! Mphenzi wandipatsira!" Ngakhale mphunzitsi wa timu anagwira pakamwa.

Mukufuna kudziwa ngati tinapambana? Ayi ndithu, anatikwapula bwino lomwe. Koma pobwerera, amene ankatsogolera nyimbo m'basi ndinali ine, mpaka anzanga anandipempha kuti ndipumeko.

Nditafika ku Blantyre ndinalowa kalasi ku tchalitchi, kenako ndinabatizidwa. Mowa sunachoke tsiku limodzi, unalimbalimba, koma Ambuye analimba kuposa. Hoki sindinasiye. Ndinaseweranso zaka zingapo ku kalabu, ndipo timu ya dziko inanditenganso maulendo ena, mpaka bondo ili linati zakwana. Zaka zimenezo ndi zimene ndinakondwa nawo masewera, chifukwa ndinkagona tulo osaopa kuti wina wadumpha ndodo.

Tchuthi choyamba nditatembenuka ndinabwera kuno. Ndinatenga khasu lija, ndinagwada pamaso pa bambo, n'kulipereka ndi manja awiri. Ndinati, "Bambo, mpini uja ndi wanu. Ndakubweretserani."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndikudziwa kuti ndi wanga," anatero. "Ndalimira kale mbatata."

Bambo anatisiya, ali kwa Ambuye. Koma pamene tinkakumba maziko a tchalitchi chino, khasu lawo linali pomwepo, ndipo ena mwa inu munaligwirako osadziwa mbiri yake. Ndabwera nalo lero. Ndi ili. Onani popindika pake, onani pamene moto unapsereza.

Ndipo dzanja lija anati lidzauma ndi ili. Lalima, lanyamula zidzukulu, ndipo lero ndalikweza kutamanda Yesu. Aleluya!

Mbale wanga, mlongo wanga, mwina nawenso uli ndi kanthu kako kamene unasomeka kudenga, kapena m'chiuno, kapena pansi pa mphasa, ndipo sugona tulo pokalondera. Katulutse. Ine mpaka bambo anachita kundiwotchera mosadziwa, koma iwe ungathe kubwera nako wekha. Pamene tikuimba nyimbo, dzuka ubwere kutsogolo kuno, ndikugwire ndi dzanja lomweli tipemphere limodzi. Amen.